Tiyi Sadikira Amalume

Randburg, Joni
20 Okutobala 2024

Wokondedwa mlongo wanga Janeti,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Limbuliko. Ine kuno ndili gwa, kungoti bondo layamba kundikumbutsa zaka. Nanga msana wako uli bwanji masiku ano? Kalatayi ndapatsira McDonald, mnyamata uja amanyamula katundu wa anthu pa thirela kuchokera kuno. Sindifuna kuimba pa foni ya ku golosale ya alamu a Dan, chifukwa nkhani ikangolowa pa foni imeneyo, pofika madzulo akazi awo, achemwali athu a Rosie, amakhala atailengeza msika wonse.

McDonald yemweyo ndiye wandiuza kuti dzina la Sungani latuluka, wasankhidwa kupita ku yunivesite ku Blantyre kukaphunzira uinjiniya. Iwe Janeti, nkhani yotere ndiimve kwa dalaivala, ine mwinimbumba? Komabe ndakukhululukira. Tsiku limenelo ndinavina ndi paipi yothirira maluwa m'manja mpaka agalu a bwana anayamba kundiuwa.

Tsono pereka pepalali kwa mwanayo awerenge yekha.

Sungani, wandichotsa manyazi. Mbumba yathu yonse palibe amene anapondako ku yunivesite. Ine malume ako ndinalekezera Sitandade 7, ndipo taona, zaka zonsezi ndikumeta kapinga wa mzungu ndi kuwola zonyansa za agalu ake. Iwe zimenezo ayi. Ndinamva kuti pa maliro a bambo ako unanena kuti udzamanga milatho yoti madzi asamaikokolole, chifukwa ukanakhalapo mlatho tsiku lija bambo ako sakanawoloka pamadzi. Ena akuti anaseka. Ine nditamva sindinaseke. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Uzidzuka m'mamawa, uziwerenga, ndipo anyamata a kabaza akamakuimbira belu uziyang'ana kumbali. Usamaganize zazing'ono ngati ife. Amene amaganiza zazing'ono amakalamba ali ndi fosholo m'manja.

Mundiuze sukulu ikutsegulira liti ndiponso zofunika kugula. Ndaikamo sopo ndi mafuta ophikira.

Ndine mlongo wako,
Lackson

Limbuli, Mulanje
9 Novembala 2024

Achimwene,

Moni wochuluka. Ife kuno tilipo, mvula yoyamba yagwa ndipo anthu ayamba kubzala. Katundu tinalandira, zikomo. Sungani wawerenga kalata yanu mpaka pepala lafewa. Za kukuuzani mochedwa mundikhululukire, foni yanga inapita ndi madzi, mukudziwa.

Msana sukusintha. Chindigwereni khoma lija nthawi ya namondwe wa Freddy, dengu la tiyi sindithanso kubereka. Ku chipatala cha Mishoni anandiuza kuti ndikakakamira ndidzakhala munthu wonyamulidwa. Amene wakhala akutchola tiyi m'munda mwathu nthawi yonseyi ndi Sungani, m'mamawa asanapite kusukulu ndi Loweruka lonse. Mayesowo anakhoza ali ndi dengu kumsana.

Sukulu akuti itsegulira pakati pa Febuluwale. Apa ndiye pali nkhani, achimwene. Kapena mwaiwala poti mwakhalitsa ku Joni, imeneyo ndiyo nthawi imene tiyi amaphuka ngati wapenga. Ukangomulekerera sabata imodzi masamba akhwima, ukapita nawo pa sikelo amakubwezera. Ndipo ife chakudya chathu, mchere wathu, mankhwala anga, zonse zimachokera m'munda umenewu. Sungani akapita, atchola ndani?

Achemwali a Rosie anabwera Lamlungu. Akuti mwana wawo Esteri azitchola pamene Sungani ali kusukulu, zopezekazo tizigawana, ndipo Sungani akamaliza munda ubwerere. Ine ndikuona kuti ndi nzeru, Esteri ndi mwana wa manja opepuka. Koma achemwali mukuwadziwa. Ana aakazi ali nawo atatu, malo alibe, ndipo mpaka lero amadandaula kuti malemu amayi anapereka munda wa tiyi kwa ine wamng'ono. Munda wobwereketsa popanda mwinimbumba subwerera. Munthu akautchola zaka zinayi adzati ndi wake, ndipo palibe adzamutsutse.

Choncho ndikukupemphani, bwerani pa Khirisimasi mudzatikhazike pansi. Mudzanene ndi pakamwa panu, mbumba yonse ikumva, kuti mundawu wangobwerekedwa. Kalata siingakhale pamphasa m'malo mwanu, achemwali adzati tinalemba tokha. Mukatero mwanayu apita ndi mtima uli m'malo.

Ndine mlongo wanu,
Janeti

Randburg, Joni
28 Novembala 2024

Janeti,

Ndakuwerenga. Moni kwa nonse, koma ndinene poyera kuti kalata yako yandikwiyitsa. Iwe ukuti ndi nzeru? Unaonapo kuti fisi akupatsidwa mbuzi kuti asunge? A Rosie munda umenewo anayamba kuuyeza ndi maso amayi asanaikidwe n'komwe. Lero aona mwana akunyamuka, ndiye abwera ndi nkhope yachifundo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munda umenewo ndi wako, ndipo pambuyo pako ndi wa Sungani. Injiniya nayenso amafunika kwawo.

Mawu anga ndi awa, ndipo ndawalemberanso a Rosie kuti pasakhale wonena kuti sanamve: munthu wina aliyense asaponde m'munda umenewo, kupatula iwe ndi mwana wako, mpaka ine nditafika. Kaya ndi Esteri, kaya ndi waganyu wotumidwa ndi iwo, ayi. Pa Khirisimasi ndikubwera ndithu, ndidzakonza zonse tsiku limodzi. Febuluwale akadali kutali.

Iwe Sungani, za tiyi zisakusowetse tulo. Kutchola tiyi sikunaphepo munthu, agogo ako anatchola mpaka imvi. Ntchito imalimbitsa mafupa. Ukaweruka kumunda samba, tenga buku la masamu, uyambirepo kuwerenga za kutsogolo kuti ukakafika anzako akakupeze uli patsogolo. Ana a m'tauni akakuderera poti ndiwe wa kumudzi, usakawayankhe ndi pakamwa, ukawayankhe ndi malikisi.

Ndikuuze zimene ndinaona sabata yatha. Pafupi ndi kwa bwana akukonza msewu. Ndinaima pa geti ndikuona mtsikana wakuda ngati iwe, wamfupi, chipewa choyera kumutu, pepala m'manja. Akaloza uku, azibambo a ndevu zawo akuthamanga. Akakweza dzanja, chigalimoto chokumba chija chikuima. Ndinayang'ana mpaka madzi anasefukira m'maluwa, dona anandikalipira. Mumtima ndinati, uyo ndi Sungani wathu. Limbikira, mwana wanga, palibe chabwino chimene chimabwera munthu atapinda manja.

Janeti, undisungire nkhuku. Za kuno sizikoma, zimangomveka madzi.

Ndine,
Lackson

Limbuli, Mulanje
4 Januwale 2025

Okondedwa amalume,

Ndikupereka moni wa chaka chatsopano. Ndikhulupirira muli bwino, chifukwa sitinamve chilichonse. Tsiku loti mawa Khirisimasi ndinakhala pa siteji kuyang'ana minibasi iliyonse yochokera ku Limbe mpaka a kabaza anayamba kundiseka kuti ndikudikira chibwenzi. Ndinabwereka foni ya mnzanga kukuimbirani koma yanu sinkapezeka. Tambala amene amayi anakusungirani tadya pa Nyuwere.

Amalume, ndilankhula mosabisa, mundikhululukire ngati ndikulakwa. Lamulo lanu lija aliyense analimva ndipo aliyense akulisunga. Kale Esteri ankabwera Loweruka kudzandithandiza popanda womutuma, tikumacheza m'mizere. Tsopano amaima kumalire n'kundipatsa moni, akuti amalume analetsa. Mayi aakulu a Rosie anawerengera kalata yanu anthu pa golosale, ndiye ngakhale aganyu akukana, akuti safuna kulowa m'milandu ya eni ake. Amayi anayesera tsiku lina kubereka dengu ine ndili ku sikelo. Ndinawapeza atagona pakati pa mizere, ndipo anatha sabata osadzuka.

Choncho m'mundamo ndili ndekha. Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, tiyi akuphuka, ndikamamaliza kumunsi kumtunda kwayambanso. Zala zanga zada ndipo zang'ambika. Buku la masamu ndimalitsegula monga munanenera, koma ndimadzidzimuka litandimatirira patsaya. Sindikudandaula ntchito ayi, ndinakulira momwemo. Chimene chikundipweteka n'chakuti ndikulimbikira, koma khama langali silikundisendeza kufupi ndi Blantyre.

Kalata ya kusukulu ikunena kuti amene sadzafika sabata yotsegulira, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Ine sindingasiye amayi ndi munda woti iwo sangatchole, komanso woti wina saloledwa kulowamo. Adya chiyani?

Ngati kubwera kwavuta, pali njira ina. A Kondi a ku Thuchila, mwana wa mng'ono wawo wa agogo, ndi a mbumba yathu ndipo ndi aakulu. Alembereni kuti akhale m'malo mwanu tsiku limodzi lokha, adzanene kuti Esteri akungobwereka. Akulu ena ndawafunsa, akuti zimatheka ngati mwinimbumba watuma yekha. Mayi aakulu nawonso akuti a Kondi angawamvere. Chonde yankhani ndi ulendo womwewu wa a McDonald.

Mtsikana wa chipewa choyera uja ndimamuganizira ndikamatchola. Ndimadzifunsa kuti kodi kwawo kunali tiyi.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Sungani

Randburg, Joni
6 Januwale 2025

Janeti ndi Sungani,

Chaka chabwino kwa nonse. Ndikudziwa munandiyembekezera, pepani. Bwana ndi dona anapita kunyanja ku Durban n'kundisiyira nyumba ndi agalu, ndikanachoka bwanji? Kuwonjezera apo matsotsi anandilanda foni pokwerera mataxi. Koma musade nkhawa, pa Pasaka ndiye ndikubwera, zivute zitani. Kuchokera kwa inu sindinalandire kanthu chilembereni mu Novembala, ndiye ndikuti zonse zili bwino. McDonald akuti thirela yake ikuvutavuta, mwina makalata akugona m'njira.

Sungani, taona zimene malume ako akugulira. Sutikesi ya matayala, yokoka, kuti usakalowe pa geti la yunivesite ndi thumba la Shangani ngati wopita kukagula chimanga ku Milanje. Mulinso nsapato zakuda, bulangete ndi kakyuleta yeniyeni ya ma injiniya, imene wogulitsa anati ili ndi mabatani oti ine sindingawamvetse mpaka imfa. Ndinadzimana nyama mwezi wonse, koma sindikuwerengera.

Ukakafika kumeneko ukakhale kutsogolo m'kalasi. Usakachite manyazi kufunsa, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Zamadansi ndi zamowa ukazisiyire ana a anthu olemera, iwo akalephera ali ndi kothawira. Ndipo ukanditumizire chithunzi utaima pa geti, ndikufuna ndimuonetse bwana adziwe kuti amene amamumetera kapingayu si munthu wamba.

Janeti, lamulo langa la munda likhale momwemo mpaka Pasaka. Usalole kuti akunyengerere.

Ndine,
Lackson

Limbuli, Mulanje
24 Januwale 2025

Achimwene,

Moni. Tili moyo. Sutikesi yafika, ndi yokongola, anthu abwera kudzaiona. Ili pakona, nkhuku zikuikwera.

Ndaona kuti munalemba musanaone kalata ya Sungani, inali ikudikirabe McDonald, ikupezani pamodzi ndi ino. Iwerengeni bwinobwino, osati mothamanga. Inu mukuti Pasaka. Pasaka ali mu Epulo, sukulu ili mu Febuluwale. Kodi ku Joniko miyezi imayenda chobwerera? Mukutuma mwana kuti akakhale kutsogolo m'kalasi, pamene inu nomwe mwamumangirira mwendo ku tsinde la tiyi.

Mwanayu wasiya kulankhula. Amadzuka, kutenga dengu, kubwera, kugona. Dzulo ndinamumva akuuza Esteri kumalire kuti mwina Mulungu sanalembe. Sungani wanga kunena mawu amenewo! Ine ndinalira, achimwene, ndipo ndakwiya nanu, ndikuuzeni zoona. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Sitikupempha ndalama. Tikupempha mawu anu okha, mzere umodzi wopita kwa a Kondi. McDonald akunyamuka mawa ndipo akuti abwereranso sukulu isanatsegulire. Musamubweze chimanjamanja.

Janeti

Randburg, Joni
4 Febuluwale 2025

Janeti,

Makalata onse awiri ndalandira tsiku limodzi. Moni sindichulutsa, poti nawenso sunachulutse. Kalankhulidwe kako sikanandisangalatse. Ine ndikudya mkate wouma kuno chifukwa cha inu, ndiye lero ndakhala womangirira ana?

Za Kondi iwalani. Kondi ndi alamu a Dan amamwera botolo limodzi, mudzi wonse ukudziwa. Ndimupatse mpando wanga kuti akagulitse munda wa amayi ndi kachasu? Ndipo munthu ukangomukhazika pampando tsiku limodzi, mawa adzayamba kuweruza maukwati a mbumba yanga ine ndili moyo. Ayi. Mwinimbumba ndi mmodzi, ndipo sanafe.

Sungani, wandikhumudwitsa pang'ono. Kavuto kakang'ono aka ndiye wayamba kale kunena kuti Mulungu sanalembe? Milatho imamangidwa ndi anthu ofooka chonchi? Tenga pepala, ulembere akuluakulu a sukuluyo mwaulemu, uwauze kuti pakhomo pali vuto, ufika Pasaka akadutsa. Ndi anthu ophunzira, amva. Mwana wanzeru ngati iwe miyezi iwiri si kanthu, ukawapeza anzakowo n'kuwapitirira. Akakana, chaka chamawa chiliko, udzafunsiranso. Khama siliwola. Koma munda ukapita wapita, ndipo tsiku lina udzandithokoza kuti ndinaumitsa mutu.

Pirira, tchola, werenga. Ine pa msinkhu wako ndinkasenza matumba a feteleza pa esiteti osadandaula.

Lackson

Limbuli, Mulanje
18 Febuluwale 2025

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira bondo likupepuka. Kalata yanu inafika Lachinayi. Sungani anaiwerenga ataimirira, anaipinda, anatenga dengu n'kubwerera kumunda.

Ine ndinatsala ndi McDonald pakhonde. Ndinamufunsa kuti andiuze zoona ngati pa Pasaka mubweradi. Anazungulirazungulira, kenako anandiuza kuti mapepala anu okhalira ku Joni anatha kalekale, ndipo mukangotuluka pa chipata cha dzikolo simudzaloledwanso kulowa. Achimwene, bwanji osangonena? Ndani akanakusekani? Theka la amuna a kuno ali ku Joni mwa njira yomweyo. Tikanadziwa mu Novembala tikanaona pogwira. M'malo mwake ife tinali kalikiliki kusunga nkhuku.

Za kulembera akuluakulu a sukulu, aphunzitsi ake akale a Sungani anaimbako foni. Anayankhidwa zomwe zinali m'kalata, kuti ofuna malowo ndi ambiri.

Choncho Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinaitana mbumba pakhomo panga. A Kondi anabwera, koma ananeneratu kuti iwo ndi maso chabe, sangatsegule pakamwa popanda mawu anu. Ndinanena kuti Esteri alowe m'munda kuyambira Lolemba. Achemwali a Rosie sanakalipe ayi, analankhula mofatsa. Anati mwana wawo sangathyoke msana zaka zinayi, kudulira, kupalira, kuthira feteleza, kenako inu mudzatulukire n'kumuthamangitsa ngati wakuba poti analowa mutaletsa. Ndinayesa kuwatsutsa mumtima, koma ndinapeza kuti sakunama. Kenako anandifunsa anthu onse akumva.

"Janeti, wobwereketsa palibe pano. Ndiye tiuze, ukubwereketsa kapena ukupereka?"

Sungani anaimirira, anati sapita, sukulu ikhale, munda wa agogo sungapite chifukwa cha iye. Ndinamuuza kuti akhale pansi, akulu akulankhula. Chibadwire sindinamukalipirepo pagulu mwana ameneyu.

"Ndikupereka," ndinatero.

Anthu anamva, a Kondi anamva, ndipo zatha. Munda wa tiyi tsopano ndi wa Esteri ndi ana amene adzabereke. Chimene tinapangana n'chakuti ine azindidyetsa ndi kundigulira mankhwala masiku anga onse. Ndikudziwa kuti ndaphwanya mawu anu, ndipo ndikudziwa kuti ndamulanda mwana wanga malo ake. Zikundiwawa kuposa msanawu. Koma ndinaona kuti zonse ziwiri sindingamusungire, ndipo chimene iye anachigwirira ntchito ndi sukulu.

Ananyamuka dzulo m'mawa. Njira yonse yopita pa siteji anali atatupa maso. Minibasi itayamba kuyenda anatulutsa mutu pawindo n'kundiuza kuti ndisamanyamule ndowa yodzaza. Madzulo anaimba pa foni ya alamu a Dan kuti wafika, dzina lake alipeza ndipo amulembetsa.

Mukafuna kumulembera, McDonald amadutsa ku Blantyre. Koma chonde musakamuuzenso za kulimbikira. Mwana amene alibenso munda wobwererako safunika womukumbutsa. Mukamufunse ngati akudya, ngati zala zapola.

Mkwiyo wanu ubwere kwa ine, ndine ndinayankha. Achemwali a Rosie musawalembere zowakalipira, ngakhale mzere umodzi, chifukwa pakhomo pawo ndi pamene ndikudya tsopano.

Ndine mlongo wanu,
Janeti